Mafunso Anu: Chisanu ndi Khirisimasi kwa Mabanja Okhala ku Britain

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera kwa mabanja okhala ku Britain, ndipo ochuluka mwa iwo aka n'koyamba kuona chisanu cha kumeneko. Ena tawafupikitsa. Malamulo ndi manambala a foni amene tatchula ndi a ku Britain, koma za nyumba ndi za thupi zikhoza kuthandizanso amene muli m'mayiko ena ozizira.

FUNSO: Tikukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Chiyambireni Novembala mawindo amacha atanyowa m'kati, ndipo kuseri kwa wadiropu kwamera chuku chakuda. Zotenthetsera m'nyumba timayatsa ola limodzi lokha madzulo poopa bilu, mawindo sititsegula kuti kutentha kusathawe. Mwana wamng'ono wayamba kutsokomola usiku. Tikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ana awiri, ku Leeds.

YANKHO: Mayi, yambani ndi mwanayo. Apite kwa GP, dokotala wa banja amene munalembetsako, sabata yomwe ino, ndipo mukawauze adokotala kuti m'nyumba muli chuku. Si nkhani yaing'ono. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka 2 anamwalira ku Rochdale, ndipo khoti lofufuza za imfayo linapeza mu 2022 kuti chinamupha ndi kupuma mpweya wa chuku kwa nthawi yaitali m'nyumba ya lendi.

Madzi mukuwaona pagalasiwo sakulowa kuchokera kunja. Akuchokera kwa inu nomwe: m'kupuma kwa anthu anayi usiku wonse, m'mapoto owira, m'bafa, ndi m'zovala zoyanika m'nyumba. Zovala zochapidwa kamodzi m'makina zimatulutsa madzi pafupifupi malita 2 pouma, ndipo onsewo amapita mumpweya. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri, koma ukangogunda chinthu chozizira, kaya ndi galasi kapena khoma loyang'ana kunja, umatula madzi aja pomwepo. Ndiye taonani zimene zikuchitika kwanu. Ola limodzi lija mpweya umafunda n'kumwa nthunzi, khoma lisanafunde n'komwe mwazimitsa, nthunzi ilibe potulukira, yonse n'kuthera pakhoma. Chuku chimafuna zomwezo.

M'mawa uliwonse tsegulani mawindo a m'zipinda zogona kwa mphindi 10 kapena 15, ngakhale kunja kukuzizira chotani. Mpweya wozizira wa kunja uli ndi madzi ochepa, choncho ukalowa n'kufunda umaumitsa nyumba, ndipo nyumba youma sivuta kutenthetsa. Pukutani magalasi ndi nsalu, nsaluyo mukafinyire musinki. Mawindo ambiri ali ndi timipata tolowetsa mpweya pamwamba pa felemu. Musatitseke ndi tepi. Pophika vindikirani mapoto, yatsani fani ya pamwamba pa chitofu, tsekani chitseko cha khitchini. Mukasamba fani ya m'bafa ipitirize kuzungulira mphindi 15 kapena 20 chitseko chili chotseka. Zovala musayanike pa radiator, chitsulo cha pakhoma chotenthetsa chipinda. Ziikeni pa choyanikira m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, windo lotsegula pang'ono. Wadiropu ndi bedi zisunthidwe masentimita 5 mpaka 10 kuchoka pakhoma.

Zipinda zimene mumakhalamo zisatsike pa madigiri 18. Kachipangizo koyeza chinyezi, kotchedwa hygrometer, n'kotchipa ndipo kamathetsa mkangano m'banja: chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Chikamakhala pamwamba pa 70 masiku onse, ganizirani zogula dehumidifier, makina okoka madzi mumpweya.

Chuku chimene chamera kalecho musachikwecheze chouma, chifukwa fumbi lake limauluka n'kulowa m'chifuwa. Valani magolovesi, tsegulani windo, ana atuluke, thirani mankhwala ochotsera chuku n'kupukuta ndi nsalu imene muitaye. Bulichi musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena aliwonse, amatulutsa mpweya wapoizoni. Kenako jambulani khomalo ndi kulembera alandilodi pa imelo, kuti pakhale umboni wa tsiku. Ngati chinyontho chikukula mvula ikagwa, kapena chikukwera kuchokera pansi n'kusiya mzere, vuto ndi la nyumba ndipo kukonza ndi udindo wawo. Akamazengereza, khonsolo ya dera lanu ili ndi nthambi ya Environmental Health imene ili ndi mphamvu yoyendera nyumba za lendi.

Za bilu tikukumvetsani, ndipo sitikuchepetsa. Koma kaheater kamagetsi kopemerera kaja kamene ambiri amathamangira kugula ndi kamene kamatha ndalama, poti magetsi ndi okwera mtengo katatu kapena kanayi kuposa gasi pa kutentha kofanana. Tumizani manambala a pa mita mwezi uliwonse kuti kampani isamangoyerekeza, ndipo mukaona kuti mulephera kulipira iuzeni msanga mugwirizane zolipira pang'onopang'ono. Ngati viza yanu ili ndi mawu akuti "no recourse to public funds", kutanthauza kuti simuloledwa kulandira mitundu yambiri ya thandizo la boma, musapemphe thandizolo musanafunse ku bungwe la Citizens Advice, kumene uphungu ndi waulere.

FUNSO: Ma radiator athu amatentha pansi pokha, pamwamba n'kumazizira. Mnzanga wa kuntchito akuti ndizingoyatsa uvuni wa gasi n'kusiya chitseko chake chotsegula, kapena kulowetsa mbaula ya makala madzulo. Kodi n'zoopsa ngati windo latsegulidwa pang'ono? Ndine bambo wa ku Glasgow.

YANKHO: Bambo, musayerekeze, ngakhale windo litatsegulidwa. Makala ndi gasi zikamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a okosijeni. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kutopa, ena n'kumayesa chimfine, kenako amagona osadzukanso. Makala ooneka ngati azima amapitiriza kuutulutsa, ndipo nyumba za kumeneko zinamangidwa kuti zisalowe mphepo. Mukaona kuti banja lonse likudwala mutu m'nyumba koma mukatuluka mukupeza bwino, tulukani nonse, imbani 0800 111 999 imene ndi nambala ya ngozi za gasi, ndipo wina akakomoka imbani 999. M'chipinda muli boiler, makina otenthetsa madzi opita ku ma radiator, muyenera kukhala alamu ya carbon monoxide. Dinani batani lake loyesera kamodzi pamwezi.

Vuto la ma radiator anu ndi laling'ono: mwalowa mpweya umene ukutchinga madzi otentha kufika pamwamba. Gulani kakiyi ka radiator m'sitolo ya zomangira. Zimitsani heating mudikire azizire. Chakumtunda kumbali kuli kavalavu kang'ono. Gwirizani nsalu pansi pake, lowetsani kiyi, potozani pang'ono kumanzere, kotala kapena theka la kuzungulira basi. Mumva kuti "tsss". Madzi akangoyamba kudontha tsekani, osamanga mwamphamvu. Mukamaliza onse, onani kawotchi ka pa boiler: ikakhala yozizira muvi ukhale pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Ukatsika pa 1 boiler ikhoza kukana kuyaka, ndipo buku lake limasonyeza mowonjezerera madzi. Radiator yozizira pansi koma yotentha pamwamba ndi ina nkhani, imeneyo yadzaza zinyalala za dzimbiri ndipo ndi ya alandilodi.

Usiku wa chisanu choopsa boiler ikazima n'kumalira ngati ikugogomola madzi, kawirikawiri ndi paipi yapulasitiki yotulukira kunja kwa khoma imene yaundana. Ithireni madzi ofunda, osati owira, kenako dinani reset. Chikuto cha boiler musatsegule. Lamulo limalola okhawo olembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka, ndipo alandilodi ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse n'kukupatsani pepala lake.

FUNSO: Ndimapita kuntchito kuli mdima, kubwera kuli mdima. Ndikungomva kutopa, mafupa kuwawa, ndipo sindikufuna kucheza ndi aliyense. Amuna anga akuti ndikungosowa kwathu. Ndine mayi wa ku Birmingham.

YANKHO: Kusowa kwanu kungakhalepo, Mayi, koma thupi lilinso ndi chifukwa chake. Cha pa 21 Disembala ku London dzuwa limatuluka itangokwana 8 koloko n'kulowa 4 koloko isanakwane, maola osakwana 8. Ku Edinburgh ndi pafupifupi maola 7. Choonjezera, kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la ku Britain ndi lofooka moti khungu silipanga vitamini D wokwanira, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lambiri kuti lipange mlingo womwewo. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amalangiza kumwa ma microgram 10 a vitaminiyu patsiku, amene pabotolo amalembedwanso kuti 400 IU, ndipo amati anthu a khungu lakuda aganizire zomwa chaka chonse. Ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 amwenso 10 tsiku lililonse. Khanda loyamwa bere lipatsidwe madontho a 8.5 mpaka 10, pomwe lomwa mkaka wa m'chitini wopitirira mamililita 500 patsiku silifunikira. Wamkulu asapitirire 100 patsiku pokhapokha adokotala atanena, poti wochuluka amawononga impso.

Pemphani GP akuyezeni magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimabweretsanso kutopa kotere. Tulukani panja masana ngakhale mphindi 20 za nthawi ya nkhomaliro. Kuwala kwa tsiku la mitambo kumaposabe kwa babu. Ena amathandizidwa ndi nyale yapadera ya 10,000 lux, kukhala pafupi nayo theka la ola m'mawa. Koma chisoni chikapitirira masabata awiri, kudya ndi kugona n'kusokonekera, mukawauze adokotala mosabisa. Kuvutika maganizo kobwera ndi nyengo ya mdima ndi matenda odziwika ndipo ali ndi chithandizo. Amuna anu awerenge nawo yankho ili. Usiku maganizo akalemera, a bungwe la Samaritans, lomvetsera anthu ovutika maganizo, amayankha pa 116 123 kwaulere nthawi iliyonse, ngakhale pa Khirisimasi.

FUNSO: Ana ndimawaveka majuzi awiri ndi jekete, koma amabwera kusukulu atanyowa thukuta n'kumanjenjemera. Nanga khanda ndilifunditse bwanji usiku? Ndine mayi wa ku Cardiff.

YANKHO: Chikuwazizira ndi thukuta lomwelo. Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kukhala yonyowa pathupi. M'kati avale chovala chopyapyala chogwira thupi, cha ubweya kapena cha thermal, pamwamba pake juzi imodzi, kunja jekete yosalowa madzi ndi mphepo, kuti akalowa m'kalasi azitha kuvula. Chipewa, magolovesi, ndi nsapato zosalowa madzi za mapazi okakala, zonse zilembedwe dzina. Khungu lotuwa ndi kuyabwa lidzozedwe mafuta okhuthala atangotuluka m'bafa.

Khanda ndi losiyana, ndipo apa tikupemphani mumvetsetse: kutenthedwa n'koopsa kwa ilo kuposa kuzizidwa pang'ono. Chipinda chogona chikhale pakati pa madigiri 16 ndi 20. Ligone chagada pa kabedi kake, kutali ndi radiator, lopanda chipewa, pilo kapena duvet mpaka litakwanitsa chaka. Poyesa gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, manja amazizira kale. M'galimoto livuleni jekete yokhuthala musanamange malamba a mpando wake, chifukwa pangozi jeketeyo imafinyika malamba n'kukhwepa. Bulangete liikeni pamwamba pa malamba. Ana okulirapowo muwauze mobwerezabwereza kuti asaponde padziwe loundana. Mu Disembala 2022 anyamata anayi anamwalira ayezi atasweka panyanja ya Babbs Mill ku Solihull.

FUNSO: Iyi ndi Khirisimasi yathu yoyamba kuno ndipo tilibe achibale. Ana akufuna nkhukundembo ngati anzawo. Ine ndikugwira ntchito usiku wa pa 25 kunyumba yosamalira okalamba. Tikonzekere bwanji? Ndine bambo wa ana atatu, ku London.

YANKHO: Chimene chimadzidzimutsa obwera kumene ndi bata la tsikulo. Pa 25 Disembala anthu amadzitsekera m'nyumba ndi mabanja awo. Sitima siziyenda, ndipo ku London ngakhale mabasi ndi sitima za pansi pa nthaka zimaima. Ku England ndi ku Wales lamulo la 2004 limaletsa masitolo akuluakulu kutsegula, ndipo pa 24 amatseka msanga. Choncho, Bambo, za mayendedwe anu a usikuwo konzani lero: funsani anzanu a galimoto kapena sungitsani takisi, podziwa kuti mtengo umakwera. Onaninso kontilakiti yanu, poti malipiro owonjezera pa tsiku la tchuthi si lamulo, zimadalira zimene munasainirana. Mankhwala a mwezi ndi mwezi itanitsani kusanathe sabata yachiwiri ya Disembala. Amene muli pa mita yolipiriratu, ikani mayunitsi okwanira masiku anayi. Wina akadwala GP atatseka imbani 111, magetsi akazima 105.

Nkhukundembo imalakwika pa kusungunula. Yozizitsidwa mpaka kuuma imafuna maola 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse mufiriji. Ya makilogalamu 5, imene ikukwanirani ndi kutsala, ndi maola 50 mpaka 60, ndiye ichoke mufiriza madzulo a pa 22. Iikeni m'mbale yakuya pashelefu ya pansi kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Chotsani kathumba ka zam'kati. Musaitsuke, madzi othovoka amamwaza majeremusi pasinki ndi pambale. Uvuni ukhale pa madigiri 180, ndipo ya kukula kumeneku imafuna mphindi 40 pa kilogalamu, kutanthauza maola 3 ndi mphindi 20. Iphimbeni ndi foyilo, n'kumuchotsa theka la ola lomaliza kuti khungu lipsye bwino. Bayani pamnofu wokhuthala wa ntchafu: msuzi utuluke woyera, ndipo ngati muli ndi choyezera chiwerenge madigiri 75. Ipume theka la ola musanadule. Zotsala zilowe mufiriji pasanathe maola awiri, zidyedwe m'masiku awiri. Ngati uvuni wanu ndi waung'ono, chidali chokha chimagulitsidwa padera ndipo sichivuta.

Koma chimene chingakulemereni si nyama. Ndi nyumba ya zii, inu mutanyamuka kupita kuntchito mayi n'kutsala okha ndi ana. Musadikire kuitanidwa. Anthu a kumeneko amakonza za tsikuli kudakali miyezi, ndipo kusakuitanani si chidani. Itanani inuyo: banja lina lobwera, wophunzira wa ku yunivesite amene sanapite kwawo, mnzanu wa kuntchito wokhala yekha. Aliyense abweretse mbale imodzi, mudye masana inu musananyamuke. Matchalitchi ambiri amachita mapemphero a nyimbo za Khirisimasi m'masabata a Disembala, ena pakati pa usiku pa 24, ndipo ndi malo abwino odziwana ndi anthu a m'dera. Khadi loponya pakhomo la aneba, lolembedwa mayina anu ndi nambala ya nyumba, limatsegula moni amene wakhala akuvuta chaka chonse.

Pa mphatso, ana adzamva za anzawo n'kuyamba kuyerekeza. Auzeni poyera ndalama zimene zilipo, aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene akuchifunitsitsa. Masitolo a mabungwe achifundo amagulitsa zidole, mabuku ndi majuzi a Khirisimasi amene sukulu zambiri zimapempha, pamtengo wotsika. Ngongole za "tengani lero mulipira mawa" zimabwera kudzatolera mu Januwale, mwezi womwe bilu ya gasi imakhala itakwera kwambiri.

FUNSO: Tikufuna kukaona makolo kwathu kwa masabata anayi, kunyamuka sukulu isanatseke chifukwa matikiti ndi otsikirako. Nyumba tingoizimitsira zonse? Ndife banja la ku Manchester.

YANKHO: Tchuthi cha Khirisimasi kusukulu ndi cha masabata awiri okha. Ku England, kuyambira Ogasiti 2024, mwana akajomba masiku asanu popanda chilolezo chindapusa ndi £80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense mukalipira m'masiku 21, ndipo mukachedwa ndi £160. Makolo awiri a ana awiri ndiye £320 poyambira. Lemberani mphunzitsi wamkulu musanagule matikiti, koma dziwani kuti kutsika mtengo kwa ndege sikuwerengedwa ngati chifukwa.

Nyumba musaizimitsiretu. Madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti n'kung'amba paipi, ndipo kung'ambikako kumaoneka pamene asungunuka, inu muli kutali, madzi akutsikira kwa okhala pansi panu. Siyani thermostat, kachipangizo kolamula kutentha kwa m'nyumba, pa madigiri 12 kapena 13. Pezani mpopi waukulu wotsekera madzi onse a m'nyumba, kawirikawiri uli pansi pa sinki ya kukhitchini, muuyese ngati ukupotoka, ndipo funsani alandilodi ngati angakonde kuti muutseke. Auzeni masiku amene muchokepo, chifukwa mapangano ambiri a lendi ndi a inshulansi ali ndi ndime ya nyumba yosiyidwa yopanda munthu. Wina wodalirika akhale ndi kiyi. Pobwerera musanyamule nyama kapena za mkaka, n'zoletsedwa kulowa nazo ndipo amalanda pabwalo la ndege.

Ngati kumene mukupitako kuli malungo, onanani ndi GP kapena a ku pharmacy masabata 6 mpaka 8 musananyamuke, mupeze mankhwala oteteza a banja lonse. Chitetezo chimene thupi linali nacho chimachepa munthu akakhala kunja, ndipo ana obadwira ku Britain alibiretu. Mankhwalawo amamwedwa musanapite, muli konko, ndi masiku ena mutabwerera, malinga ndi mtundu wake. Mudzabwera mu Januwale chimfine chili ponseponse, ndiye wina akatentha thupi n'kosavuta kungomupatsa panado. Aliyense wa inu akatentha thupi, ngakhale patapita miyezi mpaka chaka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, tchulani dziko limene munapita ndi masiku ake, ndipo pemphani kuti amuyeze malungo.